Kuyeserera za munthu wowombera pa kampasi: nkhani yofuna kukonza mwachifatse

Pa 30 Novembala 2015 ku Strathmore University mumzinda wa Nairobi kunamveka kulira kwa mfuti ophunzira ali mmakalasi. Miyezi isanu ndi itatu inali isanakwane chichitikireni zija za ku Garissa University College, komwe zigawenga zinapha anthu 148 pa 2 Epulo chaka chomwecho, nde mutha kuona nokha chomwe chinabwera mmutu mwa aliyense atamva phokosolo. Anthu anathawa balalabalala, ena kudumpha pa mawindo a nyumba zosanja, ena kumangokakamira pa khoma kunja kwa windo kusowa kolowera. Mayi wina wogwira ntchito pa yunivesitepo anamwalira, anthu makumi angapo anavulala. Koma chigawenga kunalibe. Zinali zongoyeserera basi, zokonzedwa ndi yunivesite pamodzi ndi apolisi, kungoti ambiri mwa anthu omwe anali pa kampasi sanauzidwe.

Nkhani imeneyi imandipweteka mtima nthawi zonse ndikaikumbuka, chifukwa cholinga cha okonzawo chinali chabwino ndithu, ankafuna kuteteza ana. Ndipo ndi chifukwa chake ndimati aliyense amene wapatsidwa ntchito yokonza zoyeserera ngati izi adziwe kaye chinthu chimodzi: amene akuyesedwa ndi akuluakulu a yunivesite, apolisi, zitseko, mameseji ndi dongosolo lonse. Mantha a ophunzira safunika kuyesa, tikudziwa kale kuti munthu akamva mfuti amachita mantha.

Mwina wina afunsa kuti nanga bwanji osangozisiya zoyesererazo ngati zili zoopsa chonchi. Yankho lili pa nthawi. Mu 2014 a FBI anatulutsa kafukufuku wa milandu 160 ya anthu owombera anzawo pagulu yomwe inachitika ku America kuyambira 2000 mpaka 2013, ndipo 12 mwa imeneyi inachitikira mmakoleji ndi mmayunivesite. Pa milandu yomwe anatha kudziwa kutalika kwake, pafupifupi 7 mwa 10 iliyonse inatha mmphindi zisanu kapena zosakwana apo, ina mmphindi ziwiri zokha. Mphindi zisanu ndi zochepa kwabasi. Wapolisi angakhale wachangu bwanji, nthawi zambiri amafika zinthu zitachitika kale, nde zomwe lekichala achite mmasekondi oyambawo, zomwe mlonda wapageti anene pa wailesi, ngati chitseko chikhomeke kapena ayi, ndi zomwe zimasiyanitsa kuti afa angati.

Apolisi nawo anaphunzira movutikira. Kale malamulo awo anali oti ukafika pamalo potere uzinge nyumbayo, usalowe, udikire gulu lapadera la apolisi a zida zamphamvu lotchedwa SWAT. Ku Columbine High School ku Colorado pa 20 Epulo 1999 anachita zomwezo, ndipo mphunzitsi Dave Sanders anataya magazi kwa maola mpaka kumwalira ana asukulu akuyesetsa kumuthandiza, thandizo lili panja pompo. Kuchokera pamenepo maphunziro anasintha, apolisi oyamba kufika amayenera kulowa nthawi yomweyo kulunjika komwe kukulira mfuti, ngakhale ali ochepa. Likulu la ALERRT ku Texas State University, lomwe linayamba mu 2002, limaphunzitsa zimenezi ndipo mu 2013 a FBI analitenga kukhala muyezo wa dziko lonse.

Koma kwa mayunivesite tsiku lomwe linasintha zonse ndi 16 Epulo 2007 ku Virginia Tech, ndipo apa ndichedwepo pang'ono chifukwa pafupifupi chilichonse chomwe chimayesedwa lero chinaonekera tsiku limenelo. Cha mma 7:15 mmawa ophunzira awiri anawomberedwa mu hositelo ya West Ambler Johnston. Apolisi anaganiza kuti ndi nkhani ya chibwenzi, kuti wopalamulayo watuluka kale pa kampasi, akuluakulu anakhala pa msonkhano kukambirana chochita, makalasi nkumapitirira ngati palibe chachitika. Imelo yoyamba yochenjeza anthu inatuluka 9:26, patadutsa maola awiri ndi kuposerapo. Pasanathe mphindi makumi awiri wowomberayo anali mu nyumba ya makalasi yotchedwa Norris Hall atamanga zitseko zolowera ndi matcheni chamkati, ndipo mmphindi pafupifupi khumi anapha anthu ena 30. Onse pamodzi anthu 32. Apolisi anafika msanga koma matcheni aja anawachedwetsa pakhomo.

Tsono taonani zomwe zinachitika mzipinda ziwiri zoyandikana. Mu chipinda 204 pulofesa Liviu Librescu, bambo wa zaka 76 yemwe anapulumuka ku nkhanza za Holocaust, zija zopha Ayuda pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ali mwana, anatsekereza chitseko ndi thupi lake nkuuza ophunzira kuti adumphe pawindo. Iye anaphedwa, koma ambiri mwa ophunzira ake anapulumuka. Mu chipinda 205 ophunzira anakankhira tebulo lalikulu pachitseko, nkugona pansi akulikankha, wowomberayo anayesa kulowa analephera, anawombera pachitseko koma mkatimo simunafe munthu. Zitseko zimenezo zinalibe loko wokhomera mkati. Palibe amene anawauza anthuwa chochita, anangoganiza okha pompo, nde funso lomwe mayunivesite anatsala nalo ndi loti nanga akanakhala kuti anaganizirapo kale, chitseko nkukhala chokhomeka, meseji nkufika 7:30 mmalo mwa 9:26?

Boma la America linayankha ndi lamulo. Panali kale Clery Act ya 1990, yomwe inatchedwa dzina la Jeanne Clery, wophunzira yemwe anaphedwa mu hositelo ku Lehigh University mu 1986, ndipo imakakamiza makoleji olandira ndalama za boma kuulula za milandu ya pa kampasi. Mu 2008 anaionjezera kuti yunivesite iliyonse izichenjeza anthu mosachedwa ikatsimikiza kuti pali ngozi, komanso iziyesa dongosolo lake la zadzidzidzi kosachepera kamodzi pachaka, nkulemba tsiku, nthawi, zomwe anachita komanso ngati analengeza kapena sanalengeze. Chomwe ambiri sadziwa nchoti lamuloli silinena kuti muike munthu wonyamula mfuti azithamanga mmakolido. Limangofuna kuti muyese ndi kuunika. Zina zonsezo ndi zosankha zanu, ndipo zikalakwika mlandu ndi wanunso.

Kampasi si sukulu ya pulayimale, apa mposafunika kubera mapulani a kwina. Ku pulayimale kuli nyumba imodzi kapena ziwiri, mpanda, kaundula wa mayina, mphunzitsi amadziwa ana ake onse. Yunivesite yaikulu ili ngati tauni, nyumba makumi kapena mazana, misewu ya aliyense yodutsa pakati, laibulale yotsegula mpaka usiku, mahositelo, ma labu omwe muli makemikolo osati ungothawa nkusiya moto ukuyaka, mwina chipatala, mwina sukulu ya mkaka ya ana a ogwira ntchito. Anthu ake ndi akuluakulu, sungawafoletse pamzere. Ena ndi ochokera maiko ena omwe Chingerezi cha pa meseji ya changu chikhoza kuwasokoneza, ena ndi alendo angobwera ku msonkhano tsiku lomwelo, ena anali asilikali ndipo anaiona nkhondo ndi maso, ena anapulumuka kale pa kuwomberana ku sekondale. Kunena kuti titseka kampasi yonse nkosavuta pakamwa, koma tayesani kufunsa kuti makiyi a nyumba iliyonse ali ndi ndani 8 koloko usiku mumva mayankho ake.

Nde kukonza kumayamba ndi funso loti tikufuna kudziwa chani kwenikweni. Osati kungoti tione ngati tili okonzeka, zimenezo sizingayezedwe. Koma zinthu ngati izi: kuchokera pomwe foni yoyamba yalowa ku polisi ya pa kampasi mpaka pomwe meseji yafika mmafoni a ophunzira, padutsa mphindi zingati? Apolisi a mumzinda akafika, atha kulowa mnyumba zotsegula ndi khadi? Wailesi za apolisi a pa kampasi, a mumzinda ndi ozimitsa moto zimamvana? Zolinga zitatu kapena zinayi zakwana. Mukaika khumi ndi ziwiri mudzatha tsiku lonse osaphunzira kanthu.

Ku America ambiri amatsata ndondomeko ya boma yotchedwa HSEEP, ndipo nzeru yake yaikulu ndi yoti mwana sayamba kuthamanga asanakwawe. Mumayamba ndi zokambirana, kenako zoyeserera za patebulo zomwe amati tabletop, kenako kuyesa kanthu kamodzi kokha monga ma sayirini kapena kukhoma zitseko, kenako kuyesa likulu loyendetsera zinthu popanda kutulutsa magalimoto, ndipo pomaliza penipeni ndi pomwe pamabwera chachikulu chija cha apolisi, ma ambulansi ndi anthu odzipaka zonga magazi. Chachikuluchi amachikonza miyezi yambiri, nthawi zina chaka chathunthu, misonkhano ingapo. Vuto ndi loti akuluakulu ena amafuna kulumphira komweko chifukwa ndi chomwe chimaoneka bwino pa zithunzi.

Ine ndimaikira kumbuyo tabletop, ndi yotchipa ndipo imaulula zambiri. Tangoganizani chipinda chimodzi, mwakhala mkulu wa yunivesite kapena womuimira, mkulu wa polisi ya pa kampasi, wa zofalitsa nkhani, wa mahositelo, wa zomangamanga amene amadziwa loko aliyense, wa makompyuta, loya, aphungu olangiza ophunzira, wa ofesi yoona za olumala, apolisi a mumzinda, ozimitsa moto, a chipatala. Wotsogolera akuti nthawi ndi 10:42 Lachiwiri, foni yalowa kuti kwamveka mfuti pa nsanjika yachiwiri ya laibulale, mutani? Wapolisi akuti anyamata anga anyamuka kale. Chabwino, meseji atumiza ndani? Wa zofalitsa nkhani akuti ndine, koma mpaka abwana avomereze. Abwana ali mundege. Chipinda chonse zii. Wotsogolera akuponyanso china, 10:46 pa Instagram pakuyenda mphekesera yoti owombera alipo atatu, makolo ayamba kuimba, ena anyamuka kale pa galimoto. Akuponyanso china, lekichala wina waimba kuti ali ndi wophunzira wa pa wilitcheya pa nsanjika yachinayi ndipo chikepe chazima. Mmaola awiri okha mwapeza mabowo asanu, palibe amene wathyoka mwendo, palibe amene walira. Ndipo bowo la chilolezo cha meseji lija ndi lomwelija la ku Virginia Tech, mayunivesite ambiri analitseka popatsa wapolisi amene ali pa shifiti mphamvu yotumiza chenjezo yekha, mawu ake atalembedwa kale, iye nkungoikapo dzina la nyumba.

Zikafika pa chachikulu chija, chinthu choyamba ndi mfuti za apolisi eniakewo. Mu Ogasiti 2016 ku Punta Gorda ku Florida mayi wa zaka 73 anadzipereka kuchita nawo sewero la apolisi lophunzitsa anthu wamba, wapolisi anamuwombera ndi mfuti yomwe ankaganiza kuti muli zipolopolo zongolira chabe, koma munali zenizeni, mayiyo anamwalira anthu akuonerera. Sizinali pa kampasi koma phunziro lake ndi lomwelo. Malo oyesererawo amazingidwa ndi tepi, khomo lolowera limakhala limodzi, aliyense wolowa amasechedwa kawiri ndi anthu awiri osiyana, kaya ndi bwana wamkulu bwanji, chipolopolo chenicheni sichidutsa ngakhale chimodzi, mfuti yomwe yaonedwa kuti ilibe zipolopolo zenizeni amaimanga kachizindikiro kooneka. Wina akatuluka kupita ku galimoto nkubwerera, asechedwenso. Ndipo poti mkatimo onse alibe zida zenizeni, panja pamafunika apolisi ena a zida zenizeni omwe sakuchita nawo seweroli, olondera basi, komanso ena oti azigwira ntchito ya masiku onse chifukwa ngozi zenizeni sizidikira kuti mumalize.

Pamakhalanso munthu mmodzi woona za chitetezo amene ali ndi mphamvu yoimitsa zonse nthawi iliyonse, ngakhale mkulu wa polisi sangamutsutse. Mawu oimitsira amagwirizana kale ndipo aliyense amawadziwa, kuti wina akakomoka zenizeni kapena kuthyoka zenizeni asamuyese kuti akuchita sewero bwino. Uthenga uliwonse wa pa wailesi kapena pa foni umayamba ndi kutha ndi mawu oti izi nzoyeserera, chifukwa pali anthu kunja amamvera wailesi za apolisi ndipo mphindi imodzi yokha nkhani ikhoza kufika pa intaneti ngati yoona. Oyendetsa seweroli, olemba zomwe akuona, ndi ongoonerera amavala zovala za mitundu yosiyana kuti asasokonezeke ndi ochita nawo.

Tsiku ndi malo, ambiri amasankha nthawi ya holide, nyumba imodzi yopanda anthu, kutali ndi mayeso, kutalinso ndi tsiku lokumbukira ngozi ina yomwe inachitikapo. Ochita ngati ovulala akhale odzipereka okha, akuluakulu, ofotokozeredwa bwino lomwe zomwe akaone ndi kumva, ndipo aloledwe kusiya pakati popanda kufunsidwa chifukwa. Zopatsa ophunzira mamalikisi kuti abwere, kapena bwana kuuza antchito ake kuti nonse mukakhalepo, kumeneko sikudzipereka ayi.

Tsopano pa kulengeza, pomwe pamakhala mkangano waukulu. Ena amati mukalengeza ndiye kuti sizikhalanso ngati zenizeni, wachiwembu salengeza. Zimamveka ngati nzeru koma ine sindigwirizana nazo mpang'ono pomwe. Mu Febuluwale 2008 ku Elizabeth City State University ku North Carolina, wapolisi wa pa kampasi analowa mkalasi atanyamula mfuti yabodza nkuopseza lekichala ndi ophunzira, anthu anakhulupirira kuti akufa, ena anali okonzeka kudumpha pawindo. Yunivesite inati inatumiza maimelo ndi mameseji, koma mkalasimo ambiri sanazione. Apa mpomwe pali phunziro lobisika: kutumiza imelo sikuuza munthu. Wophunzira ali ndi maimelo mazana osawerenga. Nde kulengeza kwenikweni ndi kwa masabata, mobwerezabwereza, pa imelo, pa meseji, pa zikwangwani mmisewu yolowera, kudzera kwa malekichala mkalasi, kwa oyang'anira mahositelo, kwa okolopa ndi ophika omwe mwina alibe nkomwe imelo ya yunivesite, kwa makontilakitala, kwa anthu okhala moyandikana ndi kampasi, kwa atolankhani, kwa olandira mafoni a zadzidzidzi a 911, kwa makolo. Mmawa wa tsikulo anthu aime pa khomo lililonse kuuza aliyense wodutsa pamaso.

Munthu wodzidzimutsidwa saphunzira kanthu, amangosunga manthawo. Komanso pali ngozi ina, mmadera momwe anthu amaloledwa kuyenda ndi mfuti, wina akhoza kutulutsa yake yeniyeni nkuwombera wochita seweroyo. Ndipo mukazolowetsa anthu zodzidzimutsa, tsiku lenileni amayamba kufunsana kaye kuti kodi nzoyeserera zomwe zija eti, masekondi nkumapita. Pa sukulu ya sekondale ya ku Parkland ku Florida mu 2018, komwe kunafa anthu 17, ena poyamba anaganiza kuti ndi zoyeserera. Pali kusiyana pakati pa kubisa tsatanetsatane kwa apolisi omwe akuyesedwa, kuti asadziwe kuti wowomberayo ali chipinda chiti, ndi kubisira anthu wamba kuti kuli zoyeserera. Choyambacho nchabwino, chachiwiricho chinapha munthu ku Nairobi.

Zofuna kuti zikhale ngati zenizeni zimapitiriranso muyezo. Mu Januwale 2019 pa sukulu ina ya pulayimale ku Monticello ku Indiana, aphunzitsi anauzidwa kugwada kuyang'ana kukhoma nkuwawombera kumsana ndi timipira ta pulasitiki mpaka ena kutupa ndi kutuluka magazi. Anaphunzirapo chani pamenepo? Mabungwe a aphunzitsi ku America monga NEA ndi AFT, pamodzi ndi Everytown, bungwe lolimbana ndi nkhanza za mfuti, mu 2020 ananena poyera kuti zoyeserera zosalengeza komanso zotsanzira kuwomberana kwenikweni zisamachitike kwa ana asukulu. Zinali zokhudza masukulu a ana, koma wazaka 19 amene anabisalapo pansi pa desiki ali ku sekondale sasintha mtima chifukwa walowa koleji. Phokoso la mfuti, utsi ndi kukuwa, apolisi ndi amene amazifuna kuti azolowere kugwira ntchito mtima ukugunda, ndipo atha kuzipeza mnyumba yopanda ophunzira.

Ophunzira ndi malekichala chomwe amafuna nchosavuta. Ku America mawu otchuka ndi Run, Hide, Fight, omwe anafala ndi kanema wa mzinda wa Houston mu 2012, kutanthauza thawa ngati njira ilipo, bisala ndi kutseka ngati palibe, limbana naye pokhapokha palibenso kwina. A ALERRT amati Avoid, Deny, Defend (pewa, mutsekere, dziteteze), ku Britain amati Run, Hide, Tell, kuchotsa zolimbanazo nkuikapo kuuza apolisi. Zonsezi zitha kuphunzitsidwa masana, magetsi akuyaka, mu ola limodzi, lekichala ndi kalasi yake kungoyenda kuona kuti makomo otulukira ali angati, chitsekochi chimatsegukira mkati kapena kunja, ngodya iti siioneka pa galasi la chitseko, foni tiitseke kulira, apolisi akalowa manja akhale poonekera opanda kanthu ndipo tisawagwire, komanso kudziwiratu kuti apolisi oyambawo adzadutsa ovulala osaima chifukwa ntchito yawo ndi kukaletsa kuwomberako kaye. Chomalizachi anthu akapanda kuuzidwa chimawapweteka kwambiri tsiku lenileni.

Kuyenda kotereku ndi komwe kumaulula nkhani ya zitseko. Ku yunivesite ya UCLA ku Los Angeles mu 2016 ophunzira anachita kumanga zitseko ndi malamba a mchiuno ndi zingwe chifukwa sizinkakhomeka. Ku Michigan State University pa 13 Febuluwale 2023, komwe ophunzira atatu anaphedwa ndipo asanu anavulala, makalasi ambiri analibe loko wamkati, pambuyo pake yunivesite inayamba ntchito yoika maloko mmakalasi opitirira chikwi. Panali patatha zaka pafupifupi 16 chichitikireni za ku Norris Hall, vuto lomwelo. Kuuza munthu kuti bisala ukhome chitseko pomwe chitsekocho chilibe loko ndi kumunamiza. Ndipo maloko ake akhale ogwirizana ndi malamulo a za moto, oti munthu atha kutuluka ndi dzanja limodzi, apolisi nkutha kutsegula chakunja.

Mawu oti thawa aja amaganizira munthu wa miyendo iwiri yabwino, wakumva, woona. Wosamva sayirini saimva, nde pamafunika zolembedwa pa masikirini ndi magetsi othwanima. Wosaona sadziwa komwe anzake athawira. Wa pa wilitcheya pa nsanjika yachinayi uja pulani yake ndi yotani? Anthu amenewa asamangokambidwa, akhale nawo pa tebulo lokonzera, amadziwa bwino nyumba zimenezo kuposa aliyense.

Mbali ina yomwe okonza amakonda kuidula chifukwa nthawi yatha ndi ya pambuyo pa kuwomberako. Sewero limafika poti wowombera wagwidwa, aliyense kuomba mmanja, nkumapita kukadya. Koma zenizeni mpomwe zimayambira. Munthu wowomberedwa pa mtsempha waukulu atha kufa ndi kutaya magazi mmphindi zochepa, nchifukwa chake masiku ano achipatala sadikiranso kuti nyumba yonse ayisecheretu, amalowa moperekezedwa ndi apolisi mmbali zomwe ngozi yachepako, ndipo kulowa limodzi kumeneku kumafuna kuyeserera kwambiri chifukwa ndi magulu awiri a mabwana osiyana. Kampeni ya Stop the Bleed yomwe inayamba mu 2015 imaphunzitsa anthu wamba kutsindika bala ndi kumanga lamba woletsa magazi wotchedwa tourniquet, ndipo kunena zoona pa maphunziro onsewa amenewa ndi omwe wophunzira angadzawagwiritse ntchito ngakhale pa ngozi ya galimoto. Ndiye pali kutulutsa anthu chipinda ndi chipinda komwe kumatenga maola, pali mafoni mazana onena kuti kwamvekanso mfuti uku ndi uku pomwe ndi chitseko chamenyeka, ngati mmene zinalili usiku uja ku Michigan State, pali makolo odzaza misewu yomwe ma ambulansi akufuna kudutsa, pali malo okumanirana mabanja omwe amayenera kusankhidwa kale kunja kwa kampasi, pali funso loti ndani akauze kholo kuti mwana wawo wamwalira. Zonsezi zimayeseka, zambiri patebulo pomwe.

Ndipo tisanamizane kuti kuyeserera pakokha ndi chitetezo. Pa sukulu ya pulayimale ku Uvalde ku Texas pa 24 Meyi 2022 kunafika apolisi 376, ena mwa iwo anali atachita maphunziro a zomwezi miyezi iwiri yokha mmbuyomo, koma panadutsa mphindi 77 asanalowe mkalasi momwe munafa ana 19 ndi aphunzitsi awiri. Malipoti anapeza kuti panalibe amene anatenga utsogoleri momveka, uthenga sunkayenda, aliyense ankayesa kuti wina ndi amene akulamula. Nde ngati zoyeserera zanu zikungoonetsa anyamata akuthamanga ndi mfuti mukolido koma sizikufunsa kuti magulu asanu akafika nthawi imodzi akulamula ndani, aima pati, akulankhula pa tchanelo iti, mwasiya chenicheni chomwe chinalephereka kumeneko. Sewero lomwe zonse zayenda bwino ndimalikayikira, nthawi zambiri ndiye kuti linali lophweka dala kuti abwana asachite manyazi.

Ndinenenso kuti zinthu izi sizichitika kawirikawiri, wophunzira wamba mwayi woti akumane nazo ndi wochepa zedi, ndipo pophunzitsa muziwauza zimenezo kuti asamakhale ndi nkhawa yopitirira. Bajeti yonse isathere pa sewero la tsiku limodzi. Owombera ambiri amaonetsa zizindikiro kale, amauzako wina, amalemba zinazake, ndipo wa ku Virginia Tech uja malekichala anali atadandaula za iye kalekale koma maofesi sankagawana zomwe ankadziwa. Nchifukwa chake boma la Virginia mu 2008 linalamula makoleji ake kukhala ndi magulu ounika anthu omwe akuonetsa zoopsa. Gulu limenelo nalo liyesedwe patebulo, lipatsidwe nkhani yopeka ya wophunzira amene anzake akumuopa, tione ngati uthengawo ufika kwa oyenera.

Seweroli likangotha, anthu asanabalalike, onse amakhala pansi pompo kunena zomwe aona zikadali mmutu, ndipo ofunika kuwamvera kwambiri ndi aja ang'onoang'ono, wolandira mafoni, mlonda, wophunzira amene anagona pansi mphindi makumi anayi osafikiridwa ndi aliyense. Aphungu akhalepo tsiku lomwelo ndi masiku otsatira, kwa ochita nawo komanso kwa apolisi. Kenako pamalembedwa lipoti, koma lipoti lothandiza ndi lomwe vuto lililonse lili ndi dzina la munthu woti alikonze, tsiku lomalizira ndi komwe ndalama zichokere. Loko wa chipinda chakuti, wa zomangamanga, pofika mwezi wakuti. Makadi otsegulira nyumba oti azikhala mgalimoto za apolisi a mumzinda, mkulu wa polisi, sabata ziwiri. Manambala a foni a ophunzira atsopano omwe sanalowe mu sisitimu ya chenjezo, wa makompyuta, temu isanayambe. Zina mwa zomwe mwapeza, zomwe sizingathandize wachiwembu, muwauze ophunzira ndi ogwira ntchito kuti adziwe kuti tsiku lawo silinapite pachabe, ndipo zoyeserera za chaka chamawa ziyambire pa mndandanda womwewo, kuona chimodzichimodzi ngati chinakonzedwadi.